Mchere Ndawapatsa Apongozi

Lachinayi, Juni 1996, kwa Kaphuka

Lero nkhungu sinachoke paphiri, ndipo nanenso ndakhala ngati ndikuyenda m'tulo. Manja amakumba kachewere, mtima uli kwina.

Papita miyezi ndisanapite kumwezi. Sizachilendo, thupi langa limatero. Koma apongozi anaona kuti masiku onsewa ndikuthira ndekha mchere m'ndiwo, pomwe mkazi akakhala kumwezi sathira. Ndiye anayamba kundilanda mtolo wa nkhuni, n'kumandiyang'ana pamimba akumwetulira.

Azakhali a ku Lobi atandigwiragwira sabata yatha ananena mosabisa: "Mulibe kanthu umu, mwanawe. Tenga mizu iyi, uziviika m'madzi, uzimwa m'mawa. Masiku ako akalongosoka, mwana apeza njira." Ndakhala ndikumwa, ngakhale ikuwawa mpaka m'makutu. Botolo la mankhwalawo ndimalibisa kuseri kwa chithunzi cha Amayi Maria.

Komabe sindinaleke kulota. Kumunda ndimaona kamwana kovala chipewa chaubweya, katagona pachitenje patsinde pa mtengo wa mapichesi. Ndinakapatsa ndi dzina lomwe.

Madzulo ano za kumwezi zija zabwera. Mizu yagwira ntchito, ndiyenera kukondwa. Nyemba zitapsa ndinatapa mchere n'kupita nawo kwa apongozi.

"Amayi, ndithirireni."

Anaulandira ndi manja awiri, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anathira. Atatuluka anakasenza okha ndowa yanga yamadzi.

Dzina lija sindinauze munthu, ngakhale amuna anga. Ndilisunga kaye, silivunda. Mwina mapichesi akamadzachita maluwa...