Mbira yakuda ya Herminia

Lolemba, 20 Julaye
Khutu likulirabe. Galimoto ya bomba inaphulika minibasi yathu itangoima. Magalasi m'tsitsi. Mayi wa pawindo sanadzuke. Mpandowo ndinamusiyira ndine.
Mkazi wanga Herminia ali m'chipatala, tsidya lina la Lima. Lachisanu amung'amba pamimba. Mpeni usanamukhudze ndiyenera kumusisita ndi mbira yakuda yamoyo thupi lonse, iyamwe matenda, monga timachitira kwathu kumapiri.

Lachiwiri, 21
Pasiteji, minibasi yafika, ine osakwera. Ndabwerera. Mpongozi wanga Zoila akuti, "Bambo, mukuopa?" Ine? Ndinaweta nkhosa mphenzi zikugwa. Zilembozi ndinaphunzira ndekha pa matumba a simenti. Minibasi n'chiyani!

Lachitatu, 22
Wapansi. Thumba kumsana, kamvula kowaza, chisanu. Galimoto iliyonse yoimikidwa, kuilambalala. Ndafika nthawi yoona odwala itatha. Kumasula thumba, mbira yauma gwa. Zoila sindinamuuze. Yakuda yatsala imodzi.

Lachinayi, 23
Ndakwera. Anthu owerengeka, onse duu, maso pa thumba langa ndi chipewa changa cha kwathu ku Ayacucho, kochokera zigawenga. Thumba linagwedezeka. Mtsikana wina anayamba Tikuoneni Maria. Bambo wa tayi kukuwa, "Imani! Wakumapiri uyu ndi chigawenga!" Woopa ndine, kani iwo akuopa ine.
Kondakitala anati, "Madala, masulani, apo ayi tsikani." Pamaso pa anthu, ngati mbava. Koma ndikatsika, Herminia bwanji? Ndinamasula. Kamutu kakuda tulukiru, kwii kwii. Kondakitala uja, "Bomba lanu lili ndi ndevu, madala! Lilipire mpando!" Ena anaseka. Wa tayi anatsikabe.
Kuchipatala ndamusisita nayo kunsi kwa bulangete, namwino atatuluka. Herminia akuti, "Manja akunjenjemera, nkhalamba iwe. N'chisanu eti?" Ndati eya.
Mwambo ndi kuing'amba mbirayo, kuona chimene yayamwa. Sindinaing'ambe. Sindikufuna kuona.

Lachisanu, 24
M'mawa. Magetsi kulibe. Kwamveka kwinanso phuu, chapatali. Zoila wavala nsapato. Chiphulikire bomba lija nayenso sanakwerepo minibasi, ine osadziwa. Akuti tipite wapansi. Ndati ayi mwananga, tikapeza Herminia atamulowetsa kale ku opaleshoni.
Pawindo ndikhala ine.