Nthambi pa Msewu wa Mpikisano

Lolemba, 7 Ogasiti 1995

Mwera tsiku lonse. Bondo lakumanzere likuwawa. Msonkhano woyamba wa komiti ya mpikisano wa magalimoto, pakhonde la botolositolo ya mlamu wanga Wilson, mlongo wawo wa akazi anga a Eveles. Eni magalimoto onyamula nsomba asanu ndi awiri akufuna kuthamangitsana, ati wopambana adzatchedwa katswiri wa gombe lonse mpaka chaka chamawa. Demokalase ija yafika pamenepa. Kale munthu ankaopa ngakhale kutsokomola, lero akufuna kufera pachiwongolero mwaufulu.

Wapampando ndi Wilson, anadzisankha yekha, anadziwomberanso yekha m'manja. Mlembi ndi mayi Hajara, mwini kalole ka matani atatu. Ine andiika chifukwa ndinayendetsa lole ya thonje zaka makumi atatu, komanso wotchi yanga ili ndi kamuvi ka masekondi. Ndafunsa ngati chikho chopambanacho ndi chomwera kapena chotoleramo mano a wogubuduzika. Aseka mayi Hajara okha.

Lachitatu, 9 Ogasiti

Nkhani ya malo. Wilson waulula mtima wake. Akufuna magalimoto ayambire pamlambe wa pamphambano, atsike msewu wamchenga wa kugombe, azungulire botolositolo yake, abwerere. Katatu. Anthu aziona mpikisano botolo lili m'manja, ndiye cholinga chake chonse.

Msewuwo umadutsa pakhomo panga. Pokhotera pake ndi pamene pali mathandala a Eveles oyanikira usipa, khumi ndi awiri. Ati achoke onse. "Mungowasuntha alamu, ndi mitengo chabe." Mitengo chabe. A Eveles anaizika ndi manja awo chaka chimene maso anga anayamba nkhungu n'kundichotsa pa lole. Timadya pamathandala amenewo.

Ndinati pitani kudambo la kwa Maganga. Mpunga anakolola kale, pansi pauma, ndi posalala ngati tebulo, wogubuduzika agwera paudzu. Wilson ati kudambo kulibe anthu, kuli akakowa. Ndinati akakowa ndi abwino, samwa.

Voti yaimitsidwa mpaka Loweruka. Ndawalonjeza a Eveles kuti tayala silidzaponda pamathandala awo. Anandiyankha: "Koma musakachite zanu zija."

Loweruka, 12 Ogasiti

Tsiku labwino m'mawa, loipa masana.

M'mawa kachitidwe ka mpikisano. Masautso wa minibasi akufuna onse anyamuke nthawi imodzi, wamkulu aponde wamng'ono. Mayi Hajara akufuna mmodzimmodzi, wotchi iweruze, ndipo aliyense anyamule madengu khumi a usipa, chifukwa galimoto yopanda katundu si galimoto ya kunyanja. Wogwetsa dengu walephera. Zimenezo zadutsa.

Kenako ine. Ndinakweza mkono mwaulemu wonse, ndinati ndikupempha lamulo limodzi laling'ono: aliyense ayambe injini itazima, aliza ndi kiyi, osakankha. Aliyense akudziwa pikiapu ya Wilson, ija yolembedwa kumbuyo kuti NDAFIKA KALE. Siinalirepo ndi kiyi chiyambire cha riferendamu. Amaiimika potsetsereka ngati bwato. Voti: asanu kwa atatu. Ndinaseka mpaka bondo linasiya kuwawa.

Masana Wilson wabwezera. Anatulutsa kireti ya zoziziritsa, anagawa, kenako anati tivotere malo. Asanu ndi mmodzi gombe. Dambo ine ndi mayi Hajara basi. Mathandala achoke pofika pa 26. Loweruka likubwerali adzayesa msewu. Potuluka anandinong'oneza: "Lizani ndi kiyi imeneyo, alamu."

Mphuno yake ngati hutala yophwanyika.

Lamulungu, 13 Ogasiti

Kutchalitchi. Ulaliki wa kukonda adani. Wilson anakhala kutsogolo akugwedeza mutu ngati amunena wina.

A Eveles amva zonse kwa azimayi anzawo. Ati ndikanatseka pakamwa pa nkhani ya kiyi ija, iwo akanapita okha kwa mlongo wawo kukamudandaulira, akanamva. "Inu nthabwala imodzi mumaigula ndi nyumba yonse." Ndiwo zamasana anandipatsa mitu yokhayokha.

Lachinayi, 17 Ogasiti

Wilson wabwera ndi chitini cha laimu, wapaka zizindikiro pamitengo ya mathandala, usipa uli pomwepo. Madontho ena agwera pansomba. A Eveles anangotola zodonthokerazo n'kuponyera amphaka. Ndikanakhala ndi bondo labwino.

Masana ku boma kukafuna mankhwala opaka. Ndinakwera minibasi ya Masautso, wothamanga uja, amene amadutsa mbuzi pakati pa miyendo. Tisanafike pasiteshoni ya sitima, nthambi zaziwisi pamsewu. Maliro. Masautso yemweyo giya wani, wailesi wazimitsa, kapusi wavula. Anjinga onse atsika akukankha. Palibe wapolisi, palibe chikwangwani. Masamba basi.

Ndaganiza za zimenezi njira yonse yobwerera. Ndinaseka ndekha, mayi wina anasuntha.

Loweruka, 19 Ogasiti

Ndilembe mwadongosolo, tsaya likutupa.

A Eveles anapita m'mawa kumabwato kukagula usipa. Ndinadula nthambi za mango. Ndinayala pamsewu, mulu wina kumtunda kwa nyumba yathu, wina kumunsi. Ndinakhala kuseri kwa mathandala, chinangwa chootcha m'dzanja, wotchi m'dzanja linalo.

Anatsika kuchokera kumlambe, asanu ndi awiri onse, fumbi mpaka kumwamba. Kenako mabuleki. Mmodzimmodzi, giya wani, zipewa pansi. Akatswiri a gombe lonse akuyenda ngati ngolo ya ng'ombe zodwala. Pamenepo ndinaluma chibakera kuti ndisamveke.

Chimene sindinaganize: nthambi zinazinga nyumba imodzi yokha. Yathu.

Wilson analumpha pikiapu isanaime. Anathamangira pakhomo pathu akuitana mlongo wake ndi dzina laubwana, Eve, Eve. Mawu amene sindinawamvepo pakamwa pake. Azimayi a m'nyumba zoyandikana anayamba kulira. Mayi Hajara anatsika akunena mawu awo aja a Chiarabu a pamaliro. Ndikanakhala komweko kuseri. Koma ndinatuluka, ndinakweza wotchi, ndinati mphindi khumi ndi zinayi a wapampando, fulu wadutsa kale, akupereka moni.

Palibe anaseka. Ngakhale mmodzi.

A Eveles anafika beseni lili pamutu, anapeza anthu akuwalira. Anatula beseni. Anayang'ana nthambi, anayang'ana ine. Wilson ndiye anandimenya, kamodzi, tsaya lakumanja. Dzanja lake limalira popanda kukankha.

Uthenga unali utapita kale ku boma ndi wanjinga. Mwana wathu Anna, amene amakhala kumeneko, wafika masana, chitenje m'chiuno, maso otupa, anasiya ana ake kwa aneba. Anagwa pamapazi a amayi ake. Ine sanandipatse moni.

Lamulungu, 20 Ogasiti

Sindinapite kutchalitchi. Akulu a mpingo abwera okha, awiri. Andiimitsa mgonero. Ndinafuna kufunsa ngati mkate wanga azipatsa Wilson, ndinameza.

Kalata ya komiti: ndachotsedwa. Pansi pake mawu ang'onoang'ono, akupempha kubwereka wotchi. Zitsiru. Wotchi ilowe m'komiti, mwini wake atuluke.

Anna wabwerera ku boma. Ati ana ake anawauza kale kuti agogo amwalira, tsopano akawauza chiyani. Ndinati ukawauze kuti adzuka. Anatseka chitseko mwamphamvu.

Lachiwiri, 22 Ogasiti

Ndapambana.

Mayi Hajara abwera kudzatenga wotchi, abwera ndi nkhani. Madalaivala akukana msewu wa kugombe. Masautso ndiye anayamba: ati msewu umene anauyalira nthambi popanda mtembo walonjezedwa mtembo, ukudikira, iye sathamangapo ngakhale amupatse injini yatsopano. Ena onse anamutsatira. Avotanso dzulo. Dambo asanu ndi mmodzi, gombe Wilson yekha ndi makireti ake. Mpikisano pa 2 Seputembala. Mmodzimmodzi, madengu khumi, kuliza ndi kiyi. Lamulo langa lilipo, malo anga adutsa, ine kulibe.

"Wallahi bambo, mwawina ngati mfiti," anatero mayi Hajara. Sanakhale pansi. Mpando ndinawapatsa, anaimirira kunja kwa mpanda.

Ndinapita kumathandala mokondwa, ndinati a Eveles, lonjezo lija ndasunga, tayala silipondapo. Anali akutembenuza usipa. Sanasiye. Anangofunsa: "Pamene munkayala nthambi zija, munkaganiza za ndani? M'nyumba muno tilimo awiri."

Ndinati sindinkaganiza za munthu. Anati ndi zimenezo.

Lachisanu, 25 Ogasiti

Ogula akudutsa. Akulambalala kuseri kwa mpanda, akukagula kwa ena. Azimayi awiri amene amathandiza kuyanika sanabwere sabata yonse. Ngakhale a Eveles akapita kunyanja akutulukira kukhomo lakumbuyo, pamsewu sakupondapo. Ndasesa paja panali nthambi kawiri. Palibe tsamba latsala. Anthu akuonabe.

Wilson wadwala, ati mtima ukuthamanga chiyambire tsiku lija. Mwina ndi chokhacho chake chimene chimathamanga. Ndalemba, ndafuna kufufuta, ndasiya.

Loweruka, 2 Seputembala

Tsiku la mpikisano. Gombe lonse lapita kudambo, pamalole, panjinga, wapansi. Botolositolo yotseka. Ndinamva m'mawa akukankha NDAFIKA KALE, anthu anayi, yalira pachitatu. Akazimitsa kumeneko azikaona yekha.

Padzanja langa pali mzere woyera pamene pamakhala wotchi. Sindikudziwa nthawi.

A Eveles akuzula mathandala. Okha. Palibe komiti yawauza. Anna wabwera kudzawathandiza. Akuwasamutsira kumunsi, kupitirira kwa mayi Hajara, kutali ndi madzi, ulendo wautali beseni lili pamutu. Ati pano nsomba zawo sizigulidwanso, ndipo iwo sangayanike chakudya cha anthu pamalo pamene anawalira ali moyo.

Ndanyamula mitengo isanu, bondo likukana. Laimu wa Wilson wandidetsa phewa lonse. Paulendo wachitatu ndinati taonani a Eveles, mmodzimmodzi, katundu pamutu, osakankha, ifenso tili pampikisano. Sanatembenuke.

Ndakhala pansi pang'ono kulemba izi. Maenje a mitengo ali m'mizere pamchenga. Latsala thandala limodzi, lija loyamba, limene anazika chaka cha maso anga. Aima pafupi nalo, sakuligwira. Akuitana. Ndikudzuka.

Ayi, akuitana Anna