Mathithi Amene Amayi Anangowamva

Loweruka, ku Zobwe. Miyendo ikuwawa koma mtima uli mbee.

Lero ndakwera phiri ndi amayi kukaona mathithi. Njira yake ndi yomwe anathawira nkhondo popita ku Malawi, ine ndili kumsana. Akuti anadutsa mumdima, madziwo anangowamva, ndipo mkokomo wake ndiwo unabisa kulira kwanga kuti asilikali asamve.

Pokwera amapumira pamwala uliwonse, chifukwa cha chifuwa chomwe anachitenga ndi fumbi la kumigodi ya malasha ku Moatize. Ndinati, "Amayi, tibwerere."

"Iwe, ndinakwera pano nditakubereka, lero ndilephere ndili chimanjamanja?"

Titafika anavula nsapato n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo, akuseka ngati mtsikana. Kenaka anandikankhira pansi pa mathithiwo.

"Thokoza, anakusunga ndi awa."

Malaya anga sanaumebe.