Nsomba ya Adokotala ndi Pakamwa pa Mlamu Wanga

Lolemba, 3 Malichi

Adokotala akuti mahomoni anga asokonekera, n'chifukwa chake kumwezi ndikupita mwa apo ndi apo, mimba osabwera zaka zinayi zonsezi. Andipatsa mapilitsi. Akuti shuga ndi zokazinga ndichepetse, madzulo ndizidya nsomba ndi masamba. Ndawauza amunanga okha, kuchipinda. Ndinaiwala kuti kuseri kwa khoma kumagona mlongo wawo wamng'ono, amene ndimamutcha Wailesi.

Lachiwiri, 4 Malichi

Wailesi waulutsa. Pa gulu la banja la pa foni walemba kuti, "Tiwapempherere alamu, adokotala apeza kuti vuto lili kwa iwo." Timanja topemphera mbwee. Apongozi aimba foni, osati kwa ine, kwa mwana wawo. Amunanga akuti, "Ndi mwana, ingomusiya." Mwana wa zaka 26, wodya zanga, wosambira sopo wanga.

Andiona.

Lachinayi, 6 Malichi

Poweruka ndadzera kumsika. Mphindi makumi awiri basi chakudya chapsa. Nsomba ndaipaka mchere, adyo, jinja ndi ndimu, pachiwaya timafuta ta pa supuni. Pambali kaloti, zitheba ndi sipinachi, osazipsetsa kwambiri. Kukoma kwake ndadabwa.

Wailesi atalowa kukhitchini wagwira mphuno. "Alamu, kununkha." Wathawira panja. Yemweyu amene amatafuna mutu wa nsomba mpaka maso. Ndatseka mawindo onse. Ndiziphika tsiku lililonse mpaka asamuke.

Lachisanu, 7 Malichi

Nsombanso. Ndawonjezera adyo.

Loweruka, 8 Malichi

M'mawa Wailesi wasanzanso kubafa, kachitatu sabata ino. Tiyi wakana. Pokataya zinyalala ndapeza kachipangizo koyezera mimba, kokulungidwa m'pepala. Mizere iwiri. Tizipangizo timeneti ndimatidziwa kuposa wina aliyense m'nyumba muno, kwa ine timangoonetsa mzere umodzi. Chibwenzi cha Wailesi, chodula anthu tsitsi, chinasowa mwezi watha.

Ndakajambula pa foni.

Lamlungu, 9 Malichi

Uthenga ndalemba kale: "Tiyamike, mdzukulu amene mumafuna uja ali m'njira, kungoti wadzera khomo lina." Chithunzi pansi pake. Sindinatumize. Apongozi akubwera Lachitatu madzulo, ndikufuna ndiwaphikire nsomba, tikhale patebulo tonse, mafoni alire ndikuwayang'ana kumaso.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndikuduladula kaloti, Wailesi waima pakhomo la khitchini, kansalu pamphuno.

"Alamu, mukudziwa eti?"

"Ndikudziwa chiyani?"

Wakhala pansi pafupi ndi filiji. Akuti achimwene akamva amuthamangitsa, amayi afa ndi BP. Kenako, "Mundiperekeze kusikelo mawa. Ndilibe wina."

Kupepesa ayi. Ndamuuza kuti, "Kalembe pa gulu, akupempherera."

Amangolira mosatulutsa mawu. Nsomba yapserera ndili chiimire.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndapita naye. Ndinadziuza kuti ndikufuna ndikamve miyezi yake, uthenga ukwane.

Pabenchi azimayi apakati okhaokha, ine pakati pawo, kabuku kake kali m'manja mwanga chifukwa iye amangokagwetsa. Ndiye watulukira nesi uja amene amanditenga magazi mwezi uliwonse. Atandiona wamwetulira mpaka kuwomba m'manja.

"Mayi, pomaliza zatheka! Ndimati ine."

Benchi yonse yandiyang'ana.

"Si ine asisita. Ndi mlamu wangayu."

Nesi wangoti oo, watenga kabuku, walowa. Wailesi wazolika. Kenako wanong'ona, "Alamu, sindimadziwa kuti zimakhala chonchi."

Atamuitana waimirira, wandigwira chikwama. Ndamuchotsa dzanja. Koma ndalowa naye.

Apongozi afika 5 koloko. Uthenga ukadali mu foni, sindinautumize, sindinaufute.