Chala Changa pa Bokosi la Khadi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno tili bwino. Amayi ndi mawondo awo omwe aja, koma makina osokera sakugona.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Kompyuta ikugwira ntchito, ndipo vidiyo ya ukwati ndinkadandaula nayo ija ndinaipereka Lachisanu, eni ake n'kukondwa. Tsopano khalani pansi, chifukwa zotsalazi n'zoti mundikalipire.

Potumiza ndalama munanenetsa kuti ndigule khadi la zithunzi la m'kompyuta lokwera mtengo lija, lomwe analiwonjezera kale liwiro kufakitale, la zilembo za OC pabokosi. Munati mlongo wanu asamachedwe kukonza mavidiyo a anthu ngati akusoka pamanja. Ine ndinavomera.

Sabata yomweyo ndinawapeza amayi atakhala pawindo, singano m'dzanja, ulusi ukungodutsa pambali. Anayesa kasanu. Atandiona anabisa singanoyo n'kunena kuti ulusi wa masiku ano ndi wachabechabe. Ndinawakokera kwa dokotala wa maso, ndipo iye anati akufunika magalasi msanga.

Kusitolo ndinapeza mabokosi awiri ali pamodzi, kampani imodzi, kukula kumodzi. Lina la OC, lina lopanda. Ndinaima pamenepo mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndadwala. Ndinatenga lopanda zilembolo, lotsikirako mtengo, ndipo ndalama zotsalazo zinakwanira magalasi.

Chithunzi cha bokosi ndinakutumizirani chija kachioneninso. Chala changa chachikulu chili pakona, pamalo pomwe zilembozo zikanakhala. Inu munaseka kuti sindidziwa kujambula, munthu woti ndimadyera kamera! Zinandipweteka, koma ndinameza.

Bodzalo linandisowetsa mtendere, ndiye ndinati ndilithamangitse ndekha khadilo kuti lifanane ndi lomwe munanena lija. Ndinapeza pulogalamu yake, ili ndi kamzere kokoka powonjezera liwiro. Mutu wanga mukuudziwa. Ndinaganiza kuti ngati kukoka pang'ono n'kwabwino, kukoka kwambiri n'kwabwino koposa. Ndinakokera mpaka kumapeto ngati ndikutsegula mpopi.

Poyamba zinkayenda, ine n'kumadzitama. Kenako nkhope ya mkwatibwi inatuluka timadontho tobiriwira, mafani oziziritsa khadi akulira ngati akufuna kuuluka, kompyuta n'kuzima. Ndikayatsa, izime. Linali Lachitatu masana. Achimwene, ndinalira. Ndinati ndawotcha khadi, vidiyo ya eni yapita, ndipo inu ndikakuuzani chiyani?

Ndinaikulunga kompyutayo m'bulangete n'kukwera nayo basi, nditaikhazika pamiyendo ngati mwana wodwala. Wokonza makompyuta uja, wa kumbuyo kwa sitolo ya nsapato, anamvetsera nkhani yanga yonse osandidula. Ndiye anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati khadi silinapse, linangokana nkhanza zanga. Anabweza kamzere kaja pamalo pake, kompyuta n'kudzuka, vidiyo ili yonse. Ndinakhala pansi pomwepo.

Ndinamufunsa ngati ndinalakwa kusiya la OC. Iye anati tisakangane ndi pakamwa. Anali nalo lotero patebulo pake, ndiye tinakonza chidutswa chimodzi cha vidiyo pa makhadi onse awiri. Lake linayamba kumaliza, sindikana. Koma langa linamaliza ndisanathe n'kumanga komwe chingwe cha nsapato.

Anandiuza kuti kufakitale amangowonjezera liwiro pang'ono n'kuliyesa bwino, mwina n'kuikapo mafani abwinoko. Anati kwa anthu a masewera a pakompyuta amene amakonda kudzitama, zili ndi malo ake, koma pa ntchito yanga kusiyanako sikungandibweretsere kasitomala ngakhale mmodzi. Potsazikana anati kuthamanga sikufika, ndipo kamzere kaja ndisadzakagwirenso. Manyazi anandigwira, komabe ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Ndinakunamizani, ndipo ndikupepesa. Ndinkaopa kuti mudzati ndasewera ndi thukuta lanu n'kusiya kundikhulupirira. Zimenezo ndi zimene zikundiopsabe.

Koma pali bodza lachiwiri, ndipo pa ili ndikupempha kuti mundithandize. Amayi ndinawauza kuti magalasiwo mwawagulira ndinu. Ndikanati ndine akanakana, mukudziwa mmene amandionera ngati kamwana. Tsiku lomwe anawavala analowetsa ulusi kamodzi kokha. Kenako anati mwana wawo ali kutali koma waona zimene ife apafupi sitinaone. Ine ndinatuluka panja.

Chinthu choyamba chimene asoka atavala magalasiwo ndi malaya anu. Akuti akuimbirani Lamlungu kuti akuthokozeni. Chonde achimwene, musadzafunse kuti magalasi ati. Ndalama zinali zanu ndithu, ndiye mudzangolandira zikomoyo. Mkwiyo mundisungire ine, ndidzaumva wonse osayankha.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni ndi kudalitsa ntchito ya manja anu. Malayawo ndi aakulu pang'ono m'mapewa, koma izinso musadzanene.

Ndine mlongo wanu,
yemwe mumamutcha Kamakani