Funso Lachisanu ndi Chiwiri

Kwa Nsambe, Neno
12 Marichi, 2025

Okondedwa achimwene a Binwell,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Mzimbako. Kuno tili bwino, kungoti mvula yatitha ndipo msewu wopita ku boma wasanduka phala. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma pakamwa pokha mpamoyo monga kale.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pafoni inu mumangoti “chabwino, chabwino,” ngati munthu amene basi ikumusiya. Nkhani ya leroyi ikufuna mukhale pansi.

Sabata yatha ana anga a Sitandade 8 analemba mayeso a moko a zoni yathu. Papepala la Chichewa panali nkhani yoti awerenge n’kuyankha mafunso, ya munthu wosimba za ubwana wake. Dzina la wolemba panalibe. Ine monga woyang’anira mayeso ndinatola pepala lotsala kuti ndiziwerenga potayitsa nthawi. Ndisanafike pakati, ndinachita kukhala pa desiki ya mwana amene anajomba.

Achimwene, nkhani imeneyo munalemba ndinu, eti?

Musathamangire kukana, mverani kaye. Wolembayo akuti anakulira kumapiri kumene amalima tirigu. Akuti chaka china bambo ake anaunjika mitolo ya tirigu yense padwale podikira kupuntha, ndipo masana ena anthu ali kumaliro mulu wonse unapsa. Akuti anamupeza ndi machesi m’thumba chifukwa ankakonda kukasaka mbewa, choncho bambo ake anamukwapula ndi nthambi ya pichesi n’kumutumiza kwa amalume ake. Mwina mudzati zoterezi zachitikira ambiri. Chabwino. Nanga galu wa m’nkhaniyo bwanji dzina lake ndi Poizoni, wodukanso khutu lakumanzere? Mayina a anthu munasintha bwinobwino, koma galu munamuiwala. Ngati mmene munkaiwalira nsapato kutchalitchi.

Ndinakafunsa a hedi athu, a Zefaniya, kumene nkhaniyi inachokera. Anati, “Aa, madamu, aphunzitsi okonza mayeso anaitenga m’kabuku kena ka nkhani za moyo wa aphunzitsi, kolembedwa kumsonkhano wina chaka chatha. Bwanji, yakusangalatsani?” Ponena zimenezi anandiyang’ana nthawi yaitali kuposa mmene amachitira masiku onse. Kapena ndi maso anga. Masiku ano aliyense akandipatsa moni ndikumafufuza chimene chili kuseri kwa moniwo. Chimene ndikudziwa n’chakuti inu chaka chatha munauza amayi pafoni kuti muli kumsonkhano wa aphunzitsi.

Ndiye ndikufuna mundiuze. Kodi munadziwa kuti nkhaniyi idzafika ku Neno? Munatumiza dala kuti idzandipeze m’kalasi langa lomwe, pamaso pa ana makumi asanu ndi limodzi? Pali amene munapangana naye kuno? Ngati munafuna kundichititsa manyazi, mwakhoza, ndipo ndikukupatsani malikisi onse.

Pajatu pali ndime ija yachinayi. Munalemba kuti pamene anthu ankathamanga ndi zidebe, mlongo wa wolembayo anatulukira kuseri kwa dwale milomo ili bii ndi makala, dzanja lamanzere atalikulunga m’diresi. Simunawonjezepo kanthu. Kenaka funso lachisanu likuti, “Mukuganiza kuti anayatsa moto ndani? Perekani umboni wa m’nkhani.”

Ana amenewa ndawaphunzitsa ndekha. Chaka chonse ndakhala ndikuwauza kuti munthu akamasimba za moyo wake, musamangomva zimene wanena, muziyang’ananso pamene wadumpha. Ndinkanyadira phunziro limeneli. Ndiye taonani, andimvera. Pochonga mapepala, pafupifupi onse analemba kuti ndi mlongo wake. Mtsikana wina dzina lake Stelia, wanzeru koma wapakamwa, anachita kufotokoza kuti, “Ankaotcha chakudya mobisa, nchifukwa chake milomo inada, ndipo anapsa dzanja pofuna kuzimitsa.” Ndinamupatsa malikisi ake onse. Inalidi mbatata ya kachewere, itatu, imene ndinaba m’dengu la amayi.

Lolemba tikukonza mayankho m’kalasi, ndinalemba pabolodi monga mwa masiku onse. Inu mukudziwa kuti ndine wamanzere, ndipo chipsera chija chikadalipo kuyambira pachala chachikulu mpaka pamfundo. Stelia anakweza mkono.

“Madamu, kodi inu dzanjalo munapsa ndi chiyani?”

“Phala,” ndinatero.

“Oo,” anatero iye, n’kuyang’ana mnzake.

Mwina mwanayo anangofunsa. Mwina ayi. Koma “oo” ameneyo wandisowetsa mtendere mpaka lero, ndipo tsopano ndikumalemba pabolodi nditavala juzi ya manja aatali ngakhale kukutentha.

Ndakukalipirani mokwanira, tsopano ndinene changa. Ndinayamba kalatayi ndili ndi mkwiyo, koma mkwiyowo ukundithera m’manja, chifukwa wolakwa ndine. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, inde, koma pakamwa ndinali napo. Ndinaima pambali pa nkhokwe kumaonerera akukukwapulani, ndipo munandiyang’ana kamodzi kokha. Zaka zonsezi ndinkadzinamiza kuti simunaone kanthu. Nkhaniyi yandiuza kuti munaona zonse, milomo ndi dzanja lomwe, n’kukhala chete. Kenaka ndinakula, ndinaphunzira, ndinakwatiwa, mpata wonena unalipo tsiku lililonse. Bambo anapita kumanda akukutchulanibe “wootcha tirigu.” Pamaliro awo munafika m’mawa n’kubwerera madzulo omwewo osalowa m’nyumba, ndipo ine ndinali m’gulu la anthu okunenani kuti ndinu wouma mtima. Ndikachikumbuka chimenechi ndimadzida. Akuluakulu anati mlandu suola, ine ndinkayesa wanga unaola kalekale.

Amayi mpaka pano sadziwa. Dzulo lomweli, nditawatchulira dzina lanu, anati, “Ameneyo anatigonetsa ndi njala chaka chathunthu, ndiye lero akuchita manyazi kubwera.” Ndinatsegula pakamwa, koma ndinangowafunsa ngati amwa mankhwala. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndikawawerengera nkhani yanuyo, pepala ndasunga, kenaka ndikawaonetsa dzanja. Ndichita zimenezi kaya muyankha kaya simuyankha. Ndikuopa kwambiri, achimwene. Amayi ndi okalamba, ndipo ine ndi amene ndimawatengera madzi osamba. Sindikudziwa kuti adzandiyang’ana bwanji Lolemba lake.

Chatsala chinthu chimodzi. Funso lachisanu ndi chiwiri, lomaliza papepalapo, likuti, “Kodi wolemba nkhaniyu anamukhululukira mlongo wake? Fotokozani.” Ndinathamangira pepala la mayankho limene anatipatsa aphunzitsife. Palembedwa kuti, “Nkhani sikunena. Landirani yankho lililonse lomveka.” Ana ena anati inde, chifukwa sanamuulule. Ena anati ayi, chifukwa akanakhululuka sakanalemba. Stelia anati, “Akudikira kuti mlongo wakeyo ayambe ndi iye.” Onsewo ndawachonga kuti akhoza. Nkhaniyo ndaiwerenga kakhumi, mwina kuposa, kufunafuna liwu limodzi loti lindiuze, koma inu munabisa bwino kuposa mmene munabisira galu.

Mundiperekere moni kwa alamu a Clara. Ana anu Tamanda ndi Lucius muwauze kuti ali ndi azakhali ku Neno amene sanawaonepo, ndipo chifukwa chake si bambo awo. Mtengo wa pichesi uja ulipobe, chaka chino unabereka mpaka nthambi kuthyoka. Amayi sanapereke moni, sindikunamizani, bodza limodzi landikwana. Mwina kalata yotsatira adzapereka.

Ngati si inu munalemba, ng’ambani kalatayi, koma zimene ndavomerazi zikhalebe choncho. Ngati ndinu, chonde yankhani funso lachisanu ndi chiwiri. Yankho lililonse ndidzalandira.

Ndine mlongo wanu amene anayatsa moto,
Kettie