Buku la Tyra Lili pa Msomali

Lachisanu, 8 Meyi

Tyra wakhoma buku la kafukufuku wake, monga mwa mwambo wa kuno! Ndinaliko, ku yunivesite ku Umeå. Msomali, hamala, gu gu gu pakhoma, anzake m'manja. Likhala pamenepo masabata atatu, aliyense awerenge, kenako adzamufunse mafunso pagulu. Akayankha bwino, dokotala! Mwana wa achimwene anga, yemwe ndinkamuchapira matewera ine. Ndalira mpaka mamina.

Bukulo n'la Chingelezi, ndangoona zithunzi. Timizeremizere ta m'magazi, akuti ndi momwe mumabisala matenda a kumtundu kwathu aja ochititsa dzanzi miyendo.

Lamulungu, 10 Meyi

Ndalakwitsa. Ndinapita kwa a Sixten, bambo ake a Tyra, n'kuwaonetsa tsamba lomwe wajambula mtundu wathu. Mayina palibe, timabokosi ndi timipira toimira anthu basi, ta odwala wadetsa. Koma anatsata ndi chala: amayi awa, mbale wathu malemu Helge uyu.

"Ndiye watipachika pakhoma, Majvor? Aliyense adziwe kuti tili ndi magazi owola?"

Khofi wangozizira.

Lachiwiri, 19 Meyi

A Sixten afunsa ngati n'zoona kuti kumapeto kwa mafunso a Tyra aja aliyense amaloledwa kufunsa. Pakamwa pangapa! Ndavomera. Ati, "Undisitire jekete."

Lachitatu, 20 Meyi

Ndamuimbira Tyra. Akuseka. "Azakhali, ndikuopa pulofesa wochokera ku Porto wodzandifunsa uja, osati bambo." Bambo akewo sakuwadziwa bwino.

Lachinayi, 28 Meyi

Jekete ndasita. Ndinafuna kuliwotcha dala.

Lachisanu, 29 Meyi

Maola awiri pulofesa uja akumupanikiza, Tyra osagwedezeka. Sindinamvepo kanthu koma ndimangogwedeza mutu. Kenako wapampando: alipo wina ali ndi funso?

A Sixten dzuu, atagwira mpando wakutsogolo. Ndinakoka jekete, anandimenya dzanja.

"Ine sukulu ndilibe. Iwe Tyra, pachithunzi chakocho, bokosi langa n'loyera."

"Inde bambo. Munakana kupereka magazi."

"Ulidetse. Zala zakumapazi sindikuzimva chiyambire Khirisimasi."

Ngakhale ine, mlongo wawo, sanandiuze.

Wapambana. Dokotala Tyra! Ndimafuna kuvina. Anzake akumudikira kuphwando, koma iye ali m'galimoto ndi bambo ake, wawavula nsapato, akuwatsina chala chimodzichimodzi n'kumafunsa, apa mukumva? Ine ndili pampando wakumbuyo, keke pamiyendo, ndikulemba. Wafika pachidendene. A Sixten ati apo akumva.